Pansi pa thanki ya mbuna

Mawu akuti sampu ambirife tinayamba kuwamva kwa amakanika. Galimoto ikakhula mimba pamwala n'kuyamba kudontha oyilo, mmisiri amagona chagada, kusuzumira kunsi, n'kudzuka akupukusa mutu: "Bwana, sampu yabooka." Apo mwini galimoto amadziwa kuti ulendo wathera pomwepo, penti ingawale chotani. Oweta nsomba m'mathanki agalasi nawonso ali ndi sampu yawo. Ndi kathanki kena kokhala kunsi, kuseri kwa zitseko, komwe madzi a m'thanki yaikulu amatsikira kukasefedwa, pampu n'kuwakwezanso. Mlendo sakaona. Iye amangoona nsomba zachikasu ndi zabuluu zikuzemberana m'miyala n'kumati koma ndiye kukongola, osadziwa kuti zonsezo zatsamira pa bokosi lamdima lili pafupi ndi mawondo akewo.

Ine ndili nayo thanki yotere m'nyumba yalendi ya zipinda ziwiri ku Chitawira. Sindinaigule m'sitolo ayi; ndalama ya munthu wogulitsa nkhani imodziimodzi kwa akonzi, uku akulemba ndakatulo zosalipidwa, siifika kumeneko. Mu 2021 banja lina la ku Namiwawa linkabwerera kwawo kunja ndipo linayala katundu pakapinga: mipando, mabuku, njinga ya mwana, ndi thankiyi, yopanda madzi, ili pasitandi yake yachitsulo. Ogula ankangoilambalala poti sungasungiremo ufa. Mwini wake, bambo wina wa imvi, anandiuza kuti inali ya madzi amchere. Ankawetamo makorali, tinyama tija timamanga matanthwe m'nyanja zikuluzikulu, pamodzi ndi nsomba zake. Taganizani, abale, kusunga chidutswa cha nyanja ya India m'dziko lomwe limadalira doko lamchere la Beira kapena Nacala. Madzi a kumeneko amakhala ndi magalamu 35 a mchere pa lita iliyonse. Thankiyi ndi ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi ndi 50 msinkhu, kutanthauza malita 270. Ndiye kungoidzaza kamodzi pankapita mchere woposa makilogalamu 9, osatinso wa kumsika uja timathira m'ndiwo, koma wapadera wochita kuitanitsa ku Johannesburg. Sampu yake inali chithanki china m'chipinda chakuseri, mapaipi atabooleza khoma. Icho chinatsalira nyumba.

Za makorali ndinazisiya pakapinga pomwepo. Amafuna nyali zamphamvu tsiku lonse, madzi oyenda osalekeza, komanso chipangizo china chachitali chochotsa litsiro ndi thovu, chimene chimagwira bwino ntchito m'madzi amchere okha ndipo chimadya malo ambiri kunsi kwa sitandi. Nanga n'kuvutikiranji ndi matanthwe a eni ake pomwe athu tili nawo?

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere padziko lapansi, ndipo zokongoletsetsa mwa izo ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala tokhalira kukukuta ndere. Dzinalo ndi la Atonga, ndipo linalowa m'mabuku a sayansi kudzera mwa Geoffrey Fryer amene anafufuza nsombazi ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. Mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, motero chilumba chilichonse, thanthwe lililonse, lili ndi mtundu wakewake. Paki ya Nyanja ya Malawi ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka chifukwa cha nsomba zotere, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Kuyambira m'ma 1970 mpaka imfa yake mu 2007, Stuart Grant ankatumiza nsombazi kunja pandege kuchokera ku Kambiri Point, m'boma la Salima. Pali mtundu wina, amuna ake abuluu akazi achikasu, wopezeka pa thanthwe limodzi lokha lapansi pa madzi, Taiwanee Reef, kufupi ndi Chizumulu. Akatswiri amautcha saulosi, potengera dzina la Saulos Mwale, mmodzi mwa amene ankamira m'madzi kugwira nsombazi. Dzina la Mmalawi ameneyu limatchulidwa m'masitolo a ku Hamburg ndi ku Chicago, ndipo mtunduwo unakondedwa mpaka unatsala pang'ono kutha pathanthwe pakepo.

Chimandiwawa ine n'chakuti mwana wa ku Chitawira kuno chambo amachidziwa chokazinga, usipa amaudziwa wouma, koma mbuna yamoyo sanaionepo. Azakhali anga a ku Mangochi atabwera anaima patsogolo pa thanki manja ali m'chiuno. "Mwana wa achimwene, izi si zija ana amawedza m'miyala? Ndiye mwazimangira nyumba yagalasi inu mukukhala yalendi?" Funsolo linali labwino. Koma madzulo a Loweruka ana a pamdadada pathu amadzadza pakhomo, mphuno zili pagalasi, kukanganirana kuti yaikulu ndi ya ndani. Zanga ndi 14, zachikasu zija kwawo kuli kumpoto kwa Nkhata Bay ndi zabuluu zamizeremizere, ndipo zonse zinaswedwera m'mathanki a mkulu wina woweta nsomba mumzinda momwe muno. Kunyanja sindinatengeko ngakhale imodzi.

Tsono chifukwa chiyani kusefa? Nsomba imatulutsa amoniya, ndipo amoniya ndi poizoni kwa nsomba yomweyo. M'nyanja sizimveka, madziwo ngambiri, kuya kwake kumapitirira mamita 700, ndipo kuyambira cha pamamita 250 kutsika pansi kulibe mpweya, ndiko kumathera zonse zomira. Titi nyanja nayo ili ndi chipinda chake chakunsi chomwe msodzi sachiona. M'thanki mulibe zotere. Ntchitoyo amagwira ndi mabakiteriya amene amamera pa chilichonse chokhala ndi timaenje, madzi a mpweya wabwino akamadutsapo. Ena amasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, yemwenso ndi woopsa. Ena amasandutsa ameneyo kukhala naitireti, yemwe nsomba zimapirira naye mpaka mutasintha madzi. Kuti akhazikike pamatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndipo nthawi yonseyo thanki yanga inkayenda yopanda nsomba, anzanga akundiseka kuti ndayamba kuweta miyala. Vuto la mbuna n'loti ndi zandewu. Mukaika zochepa, yamphamvu imasankha imodzi n'kuizunza mpaka kufa. Mukaika zambiri, ukaliwo umagawika. Koma nsomba zambiri ndi litsiro lambiri, ndiye sefa yake iyenera kukhala yaikulu. Apa ndi pamene munthu amagwada, tepi m'manja, kusuzumira kunsi kwa sitandi.

Kunsiko ndinapeza masentimita 112 m'litali, 40 kulowa mkati, 55 msinkhu. Pakatikati kutsogolo pali chitsulo choimirira chogawa khomo pawiri, mbali iliyonse masentimita 54. Mabuku onse amati sampu ikhale yaikulu momwe mungathere, koma olemba ake sanaone chitsulo chimenechi. Bokosi lalitali silikanalowa chowongoka, ndipo kulipinda mkati n'kosatheka poti mkatimo ndi mosaya. Kulilowetsera m'mbali nakonso ayi: kumanzere kuli khoma, kumanja shelefu ya mabuku. Ndinakafunsa mmisiri wina wowotcherera kuseri kwa msika wa Limbe.

"Achimwene, chitsulo chapakatichi tingochidula basi, bokosi lanu lilowe mwaufulu."

"Pamwambapo pakhala makilogalamu pafupifupi 350, akulu."

"Aa! Nsomba zake n'zingati?"

"Si nsomba. Ndi madzi, galasi ndi miyala."

Anakanda mutu n'kuti chitsulocho chisiyeni, ndipo m'malo mwake anawotchereranso china chopingasa kumbuyo kuti sitandi isamagwedere. Ndiye tepi ndiyo inalamula: bokosi la masentimita 50 m'litali, 35 m'lifupi, 35 msinkhu. Limalowa pakhomo lakumanzere n'kutsala zala ziwiri. Kumbuyo kumatsala masentimita 5 a mapaipi. Pamwamba pamatsala 20, ndipo amenewa musawaone kuchepa, chifukwa ndi njira ya dzanja; sampu yomwe dzanja silingalowemo idzakhala yosatsukidwa mpaka tsiku limene idzanunkhe. Mbali yakumanja ndinaisiyira ndowa, chakudya cha nsomba ndi masoketi, amene ndinawakhomera m'mwamba, mawaya atalendewera pansi kaye asanakwere, kuti dontho loyenda pawaya ligwere pasimenti.

Mkati mwa bokosimo muli magalasi awiri ogawa zipinda zitatu. Choyamba, cha masentimita 15, ndi chofikira madzi, muli siponji yokola zinyalala. Chachiwiri, cha 20, ndi mudzi wa mabakiteriya. Akunja amagula timiyala topangidwa kufakitale. Ine ndinaika zibade za miphika yadothi yowotcha bwino, zotsukidwa, ndi kathumba ka zigoba za nkhono zophwanya, poti mbuna sizifuna madzi a asidi. Chachitatu, cha 15, ndi cha pampu. Hita yaitali inakana kugona m'chipinda chilichonse, ndiye ndinaika ziwiri zazifupi. Musadabwe za hita. Nyanja ili pamamita osafika 500 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere ndipo madzi ake ndi ofunda chaka chonse, pomwe ife tili pamamita oposa 1,000, ndipo chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi munthu amagona ndi juzi. Pomata ndinakana silikoni uja wa m'bafa wolembedwa kuti amapha nkhungu. Mankhwala omwewo amaphanso nsomba.

Koma mtsutso weniweni unabuka kwa wodula magalasi. Ndinamupempha kuti magalasi ogawa zipinda akhale a masentimita 23 okha, m'bokosi la 35. Anawerenga pepala kawiri.

"Ndiye pamwambapa pakhala chiyani, bwana?"

"Palibe."

"Galasi lonseli mwalipira kuti musungiremo mphepo?"

Eya, mphepo. Masentimita 12 amenewo ndiwo mwini nkhani yonseyi, ndipo masamu ake ndi a pulayimale. Pampu ikamayenda, madzi a m'thanki yaikulu amakhala okwera pang'ono kupitirira pakamwa pa paipi yotsitsa. Pampu ikaima, madzi owonjezerawo saima nayo. Amapitiriza kutsika mpaka afanane ndi pakamwapo. Kwanga amatsika masentimita 3. Chulukitsani 120 ndi 45 ndi 3, mupeza malita 16 ndi kadontho. Onjezani a m'mapaipi, afika 18. Malita 18 m'bokosi la 50 ndi 35 amakwera masentimita 10 ndi pang'ono. Ngati malowo simunawasiye, madziwo adzipezera okha malo, ndipo malo ake ndi pansi pa nyumba.

Palinso msampha wina wobisika. Paipi yokweza madzi, pampu ikaima, imasanduka yokoka, monga amachitira anyamata popopa petulo m'thanki ya galimoto ndi kapaipi. Ngati kamwa yake yamira masentimita 15 m'madzi, ikoka mpaka pamenepo: malita 81. Mankhwala ake ndi kabowo kang'onong'ono kobooledwa papaipiyo pansi pang'ono pa pamwamba pa madzi. Madzi akangotsika, kabowoko kamayamwa mpweya ndipo kukokako kumaduka. Ndere zimakatseka, choncho Loweruka lililonse ndimakatokosa ndi mtengo wa machesi. Katundu yense wa m'nyumba mwanga akutetezedwa ndi kabowo kosakwana njere ya mpunga.

Ndikati katundu sindikunena za wailesi. Pafupi ndi thankiyo, pasimenti, pali makatoni atatu a zolemba zanga za zaka khumi: ndakatulo za pamanja, makope a mafunso amene ndinafunsa anthu ena omwe lero kulibe, nyuzi zodula. Kwina kowaika kulibe. Inu a m'tauni mukudziwa kuti m'nyumba zathuzi mulibe malo opanda ntchito. Kunsi kwa bedi kuli masutikesi, pamwamba pa kabati pali thumba la ufa lochokera kumudzi, kuseri kwa chitseko kuli mbaula, ndipo mphwanu akabwera kudzafuna ntchito amagona pomwe masana pamakhala tebulo. Tinazolowera kuti mpata ukaoneka, tiikepo kanthu. Amayi eni nyumba nawo ananena mawu amodzi okha tsiku lomwe thanki inalowa: "Bambo, ndikadzangoona madzi akutuluka pansi pa chitseko, inu ndi nsomba zanu mudzatsatana nawo." M'nyumba yotereyi, kusiya dala gawo limodzi mwa magawo atatu a bokosi lili mbee kumaoneka ngati mwano. Aliyense wotsegula zitsekozo amafuna kuthiramo madzi. Ndinachita kujambula mzere wofiira pagalasi n'kulembapo kuti OSAPITIRIRA APA.

Mnzathu wa ku Hamburg uja malowa amawasiya ngati inshuwalansi ya ngozi yomwe mwina sadzaiona. Kuno ndi malo ogwira ntchito. Ndipo chondisekesa n'choti zonse zimachokera kwawo kwa mbuna komweko. Madzi akatuluka m'nyanja ku Mangochi amadutsa ku Malombe ndi ku Liwonde n'kukafika pa Walker's Ferry, pomwe ambiri mwa madzi akumwa a mzinda uno amatungidwa ndi kukwezedwa ndi mapampu mtunda wa makilomita pafupifupi 40, chitunda cha mamita pafupifupi 800. Shire yemweyo akamagwa pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndiye amapanga magetsi ambiri a dziko lino. Kunena kwina, Blantyre yense ndi thanki yokhala pamwamba pa pampu, sampu yake ili kuchigwa. Madzi amene ndimathira mbuna zanga ndi a nyanja yawo yomwe, atayenda ulendo wautali n'kuthiridwa klorini panjira, n'chifukwa chake ndimayamba ndawagoneka m'ndowa. Ndipo mphamvu yoyendetsa kapampu kanga ndi madzi omwewo akugwa pamathithi.

Nsomba zisanalowe ndinayesa dala. Ndinazula pulagi ndili chogwada, tochi m'kamwa. Paipi inalira ngati munthu akutsuka kukhosi, madzi n'kuyamba kukwera pagalasi, kupitirira mzere wofiira, kukwerabe, mpaka kabowo kanatsomola kamodzi ndipo zonse zinati zii. Panatsala malo osakwana chala. Ndinabwereza kasanu. Nsomba zinalowa mu Disembala, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka chotsatira. Miyezi imeneyo masentimita 12 aja ankadzaza ndi kuphwa pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina ine ndili m'tauni kusaka nkhani, ndipo makatoni anga sananyowepo.

Mdima ukatalika vuto limasanduka lina, la mpweya. Madzi oima amatha mpweya msanga, nsomba n'kuyamba kusonkhana pamwamba zikuyasamula, ndipo mabakiteriya kunsi kuja nawo amakhala akubanika. Ndili ndi kapampu ka mpweya ka mabatire, koma mabatire ndi ndalama. Usiku wambiri ndakhala pakandulo ndi jagi, kutunga m'sampu n'kuthira m'thanki kuchokera m'mwamba kuti madzi achite thovu, iwo n'kutsikanso okha kudzera m'zibade. Pampu ndimakhala ine. Masiku otero nsomba sindizidyetsa. Mbuna yanjala imapirira masiku angapo, pomwe yokhuta imaipitsa madzi omwe palibe wowasefa. Mnansi wanga atandiona pawindo ndikuchita zimenezi pakati pa usiku, m'mawa mwake anandipatsa moni wa patali.

Bokosi laling'ono lili ndi msonkho wake. Madzi ouma ndi dzuwa saoneka kuchepa m'thanki yaikulu. Onse amachoka m'kachipinda ka pampu, ndipo poti n'kochepa, malita awiri okha amatsitsa madzi masentimita pafupifupi 4. Mu Okutobala ndiye ndi tsiku ndi tsiku, apo ayi pampu iyamba kumwa mpweya ndi kupsa. Sindingagone kunja masiku atatu osasiyira wina kiyi ndi malangizo. Komabe kuchepa komweko kuli ndi ubwino wake: paipi yotsitsa itatsekeka, pampu ingakweze malita 12 okha a m'kachipindako, ndipo m'mwambamo malo ake alipo. Mlungu uliwonse ndimachotsa ndowa zitatu za madzi akale, ndipo mpiru wa amayi eni nyumba kuseri kuja wanenepa nawo mpaka nkhani ya chitseko ija sanaibwerezenso.

Mbuna yaikazi imafungatira mazira m'kamwa. Kwa milungu pafupifupi itatu siidya kanthu, imangobisala m'miyala masaya atatupa, kenako n'kulavula ana osambira kale. M'thanki yodzaza chonchi ambiri amadyedwa tsiku lomwelo. Mwezi wathawu, ndikutsuka siponji, ndinaona kanthu kachikasu kakuthawira m'zibade. Ndi atatu. Anakokedwa ndi paipi yotsitsa, kugwa mumdima, kuzemba siponji, ndipo akukula kumeneko akudya zotsalira za makolo awo, popanda wowathamangitsa. Aliyense ndi wotalika ngati chikhadabo. Kaukonde kanga kali ndi chigwiriro cha masentimita 30, mpata wa pamwamba pa bokosi ndi 20, ndipo kuti ndiwagwire ndiyenera kutulutsa zibade zonse chimodzichimodzi. Ana a pamdadada akuti ndiwasiye mpaka akule kufika poti sangalowe m'kamwa mwa anzawo. Pakadali pano Loweruka amayamba apempha tochi, n'kugwada.